Magalimoto Akale ndi Manja Amene Amaŵasunga

M'midzi ndi m'matauni a dziko lathu lino muli manda ena amene sitiŵaŵerengera pakati pa manda. Ndikunena zigoba za magalimoto zimene zidagona kuseri kwa nyumba, patsinde pa mitengo ya mango, matayala ataphwa, magalasi atasweka, udzu utamera kudzera m'mabowo a pansi. Nkhuku zimaikiramo mazira, ana amaseŵereramo masana, ndipo mwini wake akafunsidwa amangoti, "Idatha ntchito imeneyo." Tsiku lina kumabwera anyamata ogula zitsulo zakutha, nadula chigobacho, nachikweza pa lole, ndipo mbiri yake imathera pomwepo. Sindikunena kuti tizikhuza maliro ake, pakuti chitsulo chilibe mzimu. Koma ine amene ndidadya nsima ya sipanala kwa zaka zambiri, ndikaona chigoba chotere mtima umandiŵaŵa pang'ono, chifukwa ndikudziŵa kuti magalimoto ambiri mwa ameneŵa sadafe ndi ukalamba. Adafa tsiku limene adamwalira kapena kusamuka munthu amene ankaŵadziŵa.

Kumaiko ena kuli anthu amene adakana kuti zinthu zizitha motero. Iwo amasonkhana m'makalabu, nasunga magalimoto amene adapangidwa agogo awo asanabadwe, naŵakonza, naŵayendetsa pa mseu anthu akuona. Ndidamva za iwo kale ndili mnyamata m'garaja, ndipo ndinkayesa kuti ndi maseŵera chabe a anthu okhuta. Ndidaŵaona ndi maso anga pamene ndidapita kukacheza kwa mwana wanga amene amagwira ntchito ku Crawley, tauni imene ili pakati pa London ndi Brighton ku England. Zimene ndidaona kumeneko ndifuna ndikambirane nanu, aŵerengi okondedwa, makamaka inu makolo amene muli ndi ana okonda kumasula zinthu, ndi inu achinyamata amene mumakalipidwa chifukwa cha zala zakuda ndi girizi.

Chaka ndi chaka, Lamulungu loyamba la mwezi wa Novembala, magalimoto mazana angapo amanyamuka ku Hyde Park mu mzinda wa London dzuŵa likungotuluka, ulendo wa ku Brighton m'mbali mwa nyanja, mtunda wa mamailo pafupifupi 60. Lamulo lake lalikulu n'lakuti galimoto iliyonse yoloŵa nawo ikhale yopangidwa chisanafike chaka cha 1905. Taganizani, wamng'ono kwambiri pa gulu lonselo ali ndi zaka zoposa 120! Ulendowu si mpikisano wa liŵiro ai. Wofika moyamba salandira chikho, ndipo aliyense amene wafika ku Brighton nthaŵi isanakwane hafu pasiti folo madzulo amalandira mendulo yofanana ndi ya anzake.

Chiyambi cha mwambowu n'choseketsa kwa ife a masiku ano. M'chaka cha 1865 Nyumba ya Malamulo ya ku Britain idakhazikitsa lamulo lakuti makina odziyendetsa okha pa mseu asapitirire mamailo 4 pa ola kumidzi, ndi mamailo 2 pa ola m'tauni, ndiponso kuti munthu aziyenda pansi patsogolo pake atanyamula mbendera yofiira kuchenjeza okwera pa akavalo. Opanga lamulolo ankaganiza za makina olemera oyendera nthunzi, amene ankaononga miseu ndi kuopsa ziŵeto. Mamailo 4 pa ola ndiwo mayendedwe a mai amene wachedwa ku chigayo. Za mbenderazo adazifeŵetsa m'chaka cha 1878, koma munthu woyenda patsogolo adakhalapobe, kufikira m'chaka cha 1896 pamene lamulo latsopano lidachotsa munthuyo ndi kukweza liŵiro kufika mamailo 14 pa ola. Eni magalimoto adakondwa kotero kuti pa 14 Novembala chaka chomwecho adakonza ulendo wa chikondwerero wochokera ku London kupita ku Brighton, ndipo asananyamuke adang'amba mbendera yofiira pamaso pa anthu. Chaka chimenecho ndi chomwecho chimene mishoni ya ku Nkhoma idakhazikitsidwa. Pamene makolo athu ankanyamula katundu wa amishoni pamutu kukwera mapiri, anthu a ku England anali atangomasuka kumene ku mantha a galimoto. Ulendowo adauyambitsanso m'chaka cha 1927 ngati chikumbutso, ndipo wakhala ukuchitika kufikira lero, kupatula nthaŵi ya nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, chaka cha 1947 pamene petulo adasoŵa, ndi chaka cha 2020 cha mliri uja.

Ife tidaima m'mbali mwa mseu titatuluka m'tchalitchi, kunja kukuzizira koopsa, kamvula kakuwaza. Magalimoto othamangirapo anali atadutsa kale. Amene tidaŵapeza anali ofooka, ndipo kwa makaniko ameneŵa ndiwo osangalatsa. Ambiri alibe denga, alibe galasi la kutsogolo, ndipo okweramo amakhala pamwamba ngati ali pa ngolo, atadzikulunga m'mabulangete. Kunena zoona n'ngolo ndithu zimene adazichotsa kavalo. Ena alibe chiongolero chozungulira chija tidachizoloŵera. Woyendetsa amagwira ndodo yokhota, ngati ya ngalaŵa. Nyali zake ndi za mafuta kapena za mpweya wa kabaidi. Mawilo ake ambiri ndi a mtengo. Ambiri mwa iwo, monga a De Dion-Bouton a ku France, ali ndi silinda imodzi yokha, ndipo munthu ukhoza kuŵerenga kugunda kwa injini monga umaŵerengera kugunda kwa musi mu mtondo. Ena amayendera nthunzi, namadutsa mwakachetechete akufuka ngati ketulo. Ena amayendera mabatire, pakuti galimoto yamagetsi imene achinyamata akuiyesa yachilendo lero inalipo kale m'zaka zimenezo, ndipo idangogonja kwa petulo chifukwa mabatire ake anali olemera ndi osafika patali.

Pafupi ndi pamene tidaima, galimoto ina yaing'ono idatsokomola kaŵiri nkuzima. Mudatsika nkhalamba ya imvi mbuu ndi mtsikana wa zaka ngati 16, amene pambuyo pake ndidamva kuti ndi mdzukulu wake. Ine manja adayamba kundiyabwa, ndipo mwana wanga adandigwira malaya nati, "Bambo, musaloŵerere, si garaja yanu ino." Ndidangosendera pafupi kuti ndione. Nkhalambayo idaima chilili, manja itabisa kumbuyo. Mtsikanayo ndiye adagwada m'matope, nayamba kufufuza, osati mwachisawawa, koma mwa dongosolo lomwe lija ife tidaphunzira: choyamba moto, kenaka mafuta. Adamasula pulagi naona kuti ikuthetheka. Adatsata paipi ya petulo mpaka pa kabureta, namasula kachitsulo ka bowo laling'ono kamene petulo amadutsamo, nakayang'ana kumwamba, nakauzira ndi pakamwa. Atabwezera zonse adapukusa hendulo, chala chachikulu atachiika mbali imodzi ndi zinzake monga amachitira munthu wodziŵa kuti hendulo ikabwerera imathyola dzanja. Injini idalira. Pamene ankapukuta manja ndidafunsa agogo akewo chifukwa chimene sadamthandizire. Adandiyankha akuseka kuti galimotoyo idakwiriramo kale eni ake anai, ndipo iwo adzakhala achisanu. Tsono ngati mwanayo saidziŵa iwo akali moyo, idzapita ku nyumba yosungiramo zakale kukakhala chidole.

Mau amenewo ndiwo mtima wa makalabu onseŵa. Kalabu yoyamba ya mtundu umenewu, Veteran Car Club of Great Britain, idabadwa ku Brighton komweko m'chaka cha 1930, pamene anthu oŵerengeka amene adayenda ulendo wa chakacho adaona kuti magalimoto oyamba aja akutha kuphwanyidwa popanda woŵalabadira. Nthaŵi imeneyo galimoto ya 1900 inali ndi zaka 30 zokha, msinkhu umene chinthu chimakhala chonyozeka kopambana: chatha fasho, koma sichinafike poti n'kulemekezedwa. Zinthu zambiri zabwino zimatayika pa msinkhu umenewu, ndipo sindikunena magalimoto okha. M'chaka cha 1934 kudabadwa ina, Vintage Sports-Car Club, ndipo m'kupita kwa nthaŵi pafupifupi mtundu uliwonse wa galimoto udakhala ndi kalabu yakeyake. Kanema wa nthabwala wotchedwa Genevieve, wa m'chaka cha 1953, wonena za galimoto ya Darracq ya 1904 pa ulendo womwewu, adachititsa kuti anthu wamba ambiri ayambe kufufuza m'makola ndi m'mashedi a makolo awo.

Angerezi, monga mwa chikhalidwe chawo, adagaŵa magalimotoŵa m'mibadwo. Opangidwa chisanafike 1905 amaŵatcha veteran. A pakati pa 1905 ndi 1918 ndi Edwardian, potsata dzina la mfumu Edward. A kuyambira 1919 kufika 1930 ndi vintage. Ndipo a pambuyo pake amangoŵatcha classic, dzina limene anthu amakanganirana malire ake mpaka lero. Boma la kumeneko lidaikapo malire akeake: galimoto ikapitirira zaka 40 mwini wake akhoza kuilembetsa ngati ya mbiri yakale, ndipo salipiranso msonkho wa pamseu.

Koma ntchito yeniyeni ya kalabu sioneka pa tsiku la chionetsero. Imachitika m'miyezi ina yonseyo. Kalabu imasunga kaundula wa galimoto iliyonse yodziŵika, nambala ya injini yake, nambala ya chasisi, ndi maina a eni ake kuyambira woyamba. Imasunga mabuku a fakitale ndi zojambula za ziŵalo. Ngati sipeya ina yasoŵa pa dziko lonse, mamembala amasonkha ndalama napempha mmisiri kuti aŵasulire zatsopano makumi angapo, pakuti munthu mmodzi sangathe kulipirira chikombole cha chinthu chimodzi. Mutu umodzi susenza denga. Imasindikiza kamagazini kamene munthu amalembamo momwe adagonjetsera vuto lakutilakuti, kuti mnzake wa kutali asavutikenso nalo. Ku Beaulieu, kumene kuli nyumba yaikulu yosungiramo magalimoto akale imene Lord Montagu adaiyamba m'chaka cha 1952, kumachitika msika wa masipeya akale wotambalala ngati munda, ndipo munthu wa ku Ndirande atafikako sangaone chachilendo, kupatula mitengo yake. Ndidaona kuti m'makalabu ameneŵa dokotala amavula chipeŵa pamaso pa wootcherera zitsulo, chifukwa pamene injini yakana, digiri siliza galimoto.

Pali nkhani ina imene anthu a makalabuŵa amakonda kuikamba, ndipo ndifuna amai a Chigwirizano aimve. Galimoto imene ambiri amaiŵerengera kukhala yoyamba yoyendera petulo adaipanga Carl Benz ku Mannheim m'dziko la Germany, nailembetsa m'chaka cha 1886. Inali ya mawilo atatu, ndipo anthu sadaikhulupirire. Mu Ogasiti 1888 mkazi wake, Bertha Benz, amene adaika chuma chake pa ntchitoyo, adadzuka mbandakucha natenga ana ake aamuna aŵiri, Eugen ndi Richard, nayendetsa galimotoyo ulendo wa kwa amai ake ku Pforzheim, mtunda wa makilomita oposa 100. Kunalibe malo omwetsera mafuta, choncho adagula mafuta ochotsera madontho pa zovala m'sitolo ya mankhwala ku Wiesloch. Paipi ya mafuta itatseka adaitokosa ndi phini wa chipeŵa chake. Waya utapyapyala adaukulunga ndi lamba wa sokosi yake. Mabuleki a mtengo atadyeka adapempha wosoka nsapato kuti akhomerepo chikopa. Pa zitunda anyamatawo ankatsika n'kumakankha. Adafika madzulo, ndipo atabwerera adauza mwamuna wake kuti aonjezere giya yokwerera mapiri. Chotero ulendo woyamba wautali wa pa galimoto udali wa mai ndi ana ake, akukonza okha chilichonse chimene chidaonongeka m'njira.

Nkhani imeneyi kwa ine si yachilendo konse, pakuti umu ndimo tinkayendera ifenso. Amene adakula m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 akukumbukira magalimoto a nthaŵi imeneyo. Kunali Land Rover ya ku boma, ya ku chipatala ndi ya ku mishoni, imene idayamba kupangidwa m'chaka cha 1948. Thupi lake adalipanga ndi aluminiyamu chifukwa chitsulo chinali chosoŵa ku Britain nkhondo itangotha, ndipo n'chifukwa chake thupilo silichita dzimbiri ngakhale chasisi ya pansi itadyeka. Kunali Morris Minor, ya 1948 yomweyo, imene aphunzitsi ndi akalaliki ena ankaipeza, galimoto yoyamba ya ku Britain kupitirira miliyoni imodzi. Kunali Volkswagen yokhota msana ija, injini ili kumbuyo, yosamwa madzi chifukwa imazizira ndi mphepo. Ku Uitenhage m'dziko la South Africa adaipanga kuyambira 1951 mpaka 1979, ndipo yomaliza pa dziko lonse idatuluka ku Puebla m'dziko la Mexico mu Julayi 2003, atapanga zoposa mamiliyoni 21. Kunali malole a Bedford amene adanyamula fodya, chimanga, njerwa za matchalitchi ndi maliro athu.

Ndipo kunali Peugeot 404, imene ine ndimaiika pamwamba pa onse, ngakhale ndikudziŵa kuti anzanga a Land Rover sadzandikhululukira. Idatuluka ku France m'chaka cha 1960, giya yake ili pa chiongolero, injini yake ya masilinda anai itapendekeka chammbali. Idapambana mpikisano woopsa wa East African Safari m'zaka za 1963, 1966, 1967 ndi 1968, m'matope ndi m'fumbi longa lathu lomweli, ndipo ku Kenya adapitiriza kuipanga mpaka 1991, ku France komweko atasiya kale. Ubwino wake kwa ife amakaniko unali wakuti masilinda ake ali ndi masilivu ochotseka: akadyeka unkangoŵazula n'kuikamo ena, injini n'kubwerera mwakale osaitumiza kutali. Pikapu ya 404 inkanyamula matumba, mbuzi, njinga ndi anthu pamwamba pa zonsezo, nikwera zitunda za ku Dedza ikubuula koma osaima.

Magalimoto ameneŵa tinkaŵasunga ndi nzeru zimene sizidalembedwe m'buku lililonse. Gasiketi tinkadula pa chikuto cha kope. Radiyeta ikadontha pakati pa tchire tinkadziŵa chochita kuti tikafike pa sitolo. Mpata wa mapoyinti tinkauyesa ndi maso pamene geji yasoŵa. Mkulu amene adandiphunzitsa ntchito ankaika sikuludiraiva yaitali pa injini, chogwirira chake atachitsamiza pa khutu, nanena kuti beringi yachitatu ndiyo ikulira. Tikamasula tinkapeza momwemo. Zimene azungu aja amachita Loŵeruka pofuna kusangalala, ife tinkachita tsiku ndi tsiku pofuna kuti wodwala afike ku chipatala. Anthu a ku Cuba adachita chimodzimodzi ndi magalimoto a ku America a m'zaka za m'ma 1950, pamene malonda pakati pa maiko aŵiriwo adatsekeka, ndipo lero alendo amalipira ndalama kuti akwere magalimoto amenewo mu mzinda wa Havana. Luso tinali nalo, ndipo silinali lochepa poliyerekeza ndi la wina aliyense.

Nanga n'chifukwa chiyani athu adatha? Zifukwa zina n'zosachititsa manyazi. Miseu yathu idaŵagwedeza mpaka kuŵang'amba. Tidaŵasenzetsa katundu woposa mphamvu zawo chifukwa panalibe ena. Munthu amene akusoŵa fizi ya mwana sangasunge galimoto yosayenda pamene wogula zitsulo waima pakhomo ndi ndalama m'manja, ndipo ine sindingamdzudzule. Ngakhale chigobacho sichitayika konse: chimasanduka mbaula, makasu, mahinjesi a zitseko ndi ekiselo ya ngolo, ndipo rimu lake limapachikidwa pa mtengo kukhala belu la sukulu kapena la tchalitchi. Ambiri a inu mudaitanidwa ku mapemphero ndi wilo la Bedford osadziŵa.

Koma chifukwa china n'choti tichiyang'ane bwino. Sitidalemekeze amisiri athu mokwanira kuti ana athu akhumbire kutenga malo awo. Makolo ambiri, ndi Akhristu omwe, amanena za ntchito ya manja ngati chilango cha mwana amene walephera mayeso. Mnyamata akamasula wailesi timamkwapula, osamfunsa chimene waona m'katimo. Mtsikana akafuna kuphunzira umakaniko timamuuza kuti sadzakwatiwa. Chonsecho mpingo wathu udakula ndi ntchito za manja. Ku Livingstonia, sukulu imene Dr Robert Laws adaiyamba m'chaka cha 1894 inkaphunzitsa ukalipentala, kusindikiza mabuku ndi za makina pamodzi ndi Mau a Mulungu. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chidamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 ndi manja a anthu a kuno amene adaphunzira kuumba ndi kuyala njerwa ntchito ili m'kati, ndipo chikali chiimire. M'buku la Eksodo, mutu 31, munthu amene akutchulidwa kuti Mulungu adamdzaza ndi Mzimu wake ndi Bezalele, mmisiri wa zitsulo, miyala ndi mitengo. Kunyoza zala zakuda sitidakutenge m'Buku Lopatulika.

Tsono ndisakunamizeni kuti zonse za makalabu aja n'zoyera. Pali zina zimene zidandidetsa nkhaŵa. Choyamba ndi ndalama. Pamwamba pa anthu wamba osunga Morris Minor m'shedi pali gulu lina la anthu olemera amene amagula magalimoto monga ena amagulira golide, naŵatsekera m'zipinda kudikira kuti mtengo ukwere. Mu Meyi 2022 galimoto imodzi ya Mercedes-Benz ya 1955 idagulidwa pa mtengo wa mayuro mamiliyoni 135. Ndalama zimenezo sindingathe kuziŵerengera m'makwacha popanda kuchita chizungulire. Galimoto yotere yaleka kukhala galimoto, ndipo Ambuye Yesu adanenapo kale, mu Mateyu mutu 6, za chuma chimene njenjete ndi dzimbiri zimachipeza. Wosunga magalimoto akale amadziŵa dzimbiri kuposa munthu wina aliyense. Amalimbana nalo moyo wake wonse, ndipo akakhala woona mtima amavomera kuti akungolichedwetsa. Ndidamvanso za amuna amene amathera madzulo onse m'garaja, mkazi ndi ana akudya okha. Chinthu chimene chikadalunzanitsa bambo ndi mwana chikhozanso kuŵalekanitsa, ngati bamboyo akonda penti ya galimoto kotero kuti salola mwana kuikhudza.

China ndi tsiku. Ulendo wa ku Brighton umachitika pa Sabata, ndipo oyendetsawo amanyamuka mabelu asanalire. Ku England ambiri saonapo vuto, koma ine ndidaleredwa mwina, ndipo ndikadakhala ndi galimoto ya 1904 ndikadavutika mumtima. Ngati tsiku lina eni magalimoto akale a mu mpingo mwathu adzafuna kusonkhana, Loŵeruka lilipo. Ndiponso tisaiŵale kuti magalimoto akale alibe malamba, mabuleki ake ndi ofooka, ndipo utsi wake ndi wambiri. Ndi abwino kuphunzirirapo ndi kuyendera mtunda waufupi mosamala. Sindingalangize munthu kunyamuliramo banja usiku pa mseu wa M1 pakati pa mathiraki.

Komabe pophunzitsira palibe chowaposa. Magalimoto amene tikugula lero kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi abwino, samwa mafuta ambiri, ndipo salira hendulo. Koma nzeru zake zidatsekeredwa m'kabokosi ka kompyuta, ndipo akadwala makaniko amalumikiza makina naŵerenga nambala, nachotsa chiŵalo chonse n'kuikapo china. Mnyamata akhoza kugwira ntchito imeneyo zaka zisanu osadziŵa chifukwa chimene injini imazungulira. Pa galimoto yakale zonse zili poyera. Ukhoza kutsata petulo ndi chala kuchokera m'thanki mpaka m'silinda, ukhoza kuona moto ukudumpha, ukhoza kumva valavu ikutseguka. Amene wamvetsa pamenepo sadzaopa kompyuta, chifukwa adzadziŵa chimene kompyutayo ikuyesa kuchita. Ndipo pa zina ife tidatsogola: pamene petulo wosakaniza ndi ethanol wambiri adafika ku Britain mu Seputembala 2021, makalabu adadzaza magazini awo ndi madandaulo akuti akudya mapaipi a mpira ndi kukoka madzi m'thanki. Kuno tidayamba kusakaniza ethanol wa ku Dwangwa m'chaka cha 1982, ndipo amakaniko athu adaphunzira kale kusintha mapaipi ndi kutsuka makabureta popanda kulembera kalata munthu.

Nditabwerako ndidafunsa mai wina wamasiye wa mu mpingo mwathu za pikapu ya 404 imene idagona kuseri kwa nyumba yake chimwalirire mwamuna wake. Anali atalonjeza kale kuigulitsa kwa ogula zitsulo. Tidagwirizana kuti aisunge chaka chimodzi, ndipo ikadzalira idzakhala yakebe, yonyamulira mbeu za kumunda kwake. Loŵeruka lililonse masana amabwera achinyamata asanu, anyamata atatu ndi atsikana aŵiri, ndipo mmodzi mwa anyamatawo ndi mdzukulu wa malemuyo. Ndidaŵagulira kope loti azilembamo chilichonse chimene tamasula, ndi mbali imene chidayang'ana, ndi tsiku lake, monga amachitira a kalabu aja. Patsamba loyamba tidalemba nambala ya injini, ndi zonse zimene maiyo akukumbukira: kumene adaigula, maukwati amene idanyamula, ndi usiku umene idathamangira ku chipatala iye ali ndi pakati pa mwana wake woyamba. Chovuta kwa ine ndi kubisa manja kumbuyo, pakuti zaka zonsezi adazoloŵera kulanda sipanala.

Injiniyo tidaipeza itagwirana ndi dzimbiri. Tidathira dizilo m'masilinda, tidadikira milungu itatu, ndipo pa Loŵeruka lachinai idatembenuka. Masilivu aŵiri ndi abwino, aŵiri ndi odyeka. Mawaya adadyedwa ndi makoswe, ndipo mtsikana mmodzi, amene amakonda za sayansi kusukulu, wajambula mapu ake onse pa pepala lalikulu ndi mapensulo a mitundumitundu. Zikutisoŵa tsopano ndi masilivu aŵiriwo, pampu ya madzi ndi gasiketi ya kumutu kwa injini, pakuti imeneyo siidulidwa pa chikuto cha kope. Ngati pali mŵerengi amene ali ndi chigoba cha 404 kuseri kwa nyumba, tikupempha kuti asafulumire kuitana ogula zitsulo. Alembere kwa Mkonzi wa magazini ino, ndipo anyamata adzabwera ndi masipanala awo.